Chitsulo Sichidikira Kusungunuka

Mwezi wa September ukangofika, kavidiyo kaja kamadzukanso. Mumakadziwa. Nsanja ziwiri za ku New York zikugwa, kanyimbo koopseza kakulira pansipansi, kenako mawu a munthu wosaoneka nkhope akufunsa kuti: kodi mafuta a ndege angasungunule chitsulo? Pansi pake ndemanga mbwee: "Tatsegulani maso," "Azungu amatipusitsa," "Odziwa akudziwa." Chaka chino kafikanso m'mafoni mwathu, ndipo ena mwa okagawa ndi anthu a m'gulu lino, anthu owerenga mabuku, amene mnzawo akaphonya chilembo chimodzi m'ndakatulo samulekerera. Ndiye lero tikambirane, abale anga. Bodza limeneli silikuthera ku America. Likutizoloweza kaganizidwe kamene kakuphetsa anthu athu, kuno kumudzi ndi ku Joni komwe.

Funso lakelo ndi msampha. Limakuchititsa kuganiza kuti alipo amene ananena kuti zitsulo za nsanja zija zinasungunuka n'kukhala madzi. Ofufuza sanatero. Bungwe la NIST, loona za miyezo m'dziko la America, limene linafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu 2005, silinanene zimenezo. Chitsulo chomangira chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Mafuta a ndege, amene ndi m'bale wake wa palafini wa m'koloboyi, pamodzi ndi katundu wa m'maofesi, anafikitsa moto pa madigiri pafupifupi 1,000 m'malo otentha kwambiri. Ndiye eya, moto uja sukanasungunula chitsulo. Pamenepo mwini kavidiyo sakunama. Chimene akubisa n'chakuti chitsulo sichidikira kusungunuka kuti chigonje. Chikafika pa madigiri 600 chimakhala chitataya kale pafupifupi theka la mphamvu zake. Pa 800 chimatsala ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10. Pooneka chikadali chitsulo, koma katundu amene chinasenza m'mawa sichingamusenzenso.

Izitu si za kuyunivesite ayi. Geni yanga ndi ya mbaula, mapoto, ziwaya ndi makasu. Ndimaoda kwa amisiri n'kumagulitsa kuno ku Nkopola ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Pitani kwa wosula aliyense mukaime pambali. Amatenga sipuling'i ya galimoto, chitsulo chimene chinkanyamula lole yodzaza matumba a chimanga, n'kuchiika pa makala, n'kupopa mvukuto. Chikafiira psuu amachitulutsa n'kuchipinda ndi nyundo ngati akuumba dongo, patuluke nkhwangwa kapena chikwanje. Chasungunuka? Ayi. Changofewa basi. Ngati makala a kwa Chimwala angafewetse sipuling'i ya lole, n'chiyani chingaletse moto wa nsanjika zisanu ndi imodzi kufewetsa mtanda?

Makolo athu Amaravi ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo malonda akale a Ayao anayambira pa makasu. M'ng'anjo zimenezo chitsulo sichinkasungunuka n'komwe. Chinkatuluka chibuma chofiira chofewa, n'kumachisula mpaka zinyalala zitachoka. Mayi aliyense wophikira pa mbaula yachitsulo akudziwa kuti kasefa kapakati, pokhala makala paja, kamayamba kulendewera pakapita miyezi, mpaka kubooka. Ndipo amene anaonapo msika utapsa akudziwa mmene mitanda yachitsulo ya mashedi imakhalira m'mawa mwake: yopotanapotana ngati zingwe, pamene chinayaka ndi kaunjika, mapepala ndi majumbo basi. Palibe amafunsa kuti kodi kaunjika angasungunule chitsulo.

Chimachitika n'chiyani m'kati mwa chitsulocho? Chitsulo chomangira ndi ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono zedi, wosafika ngakhale gawo limodzi pa 100 alionse. Timaatomu ta ayironi tinandandalikana m'mizere, mzere pamwamba pa unzake. Chitsulo chikamapindika ndiye kuti mizereyo ikutsetserekana. Kaboni amakhala m'mipata ngati kamwala kamene timatsekera tayala la ngolo pamtsetse, ndiye mizere siiyenda wamba. Moto ukabwera timaatomu timayamba kunjenjemera kwambiri, kugwirana kwake kumachepa, mizere n'kuyamba kulumpha timiyala tija mosavuta. Kufewa kuja n'kumeneko. Kaboni akachulukanso, kufika magawo 2 mpaka 4 pa 100, chitsulo chimauma gwa koma chimaphulika, ngati simbi yositira ya makala imene ukaigwetsa pa simenti imasweka m'malo mopindika. Ndiye si chitsulo chilichonse chimene chingalowe m'nyumba. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Chinanso, chitsulo chikatentha chimatalika. Kuno kunyanja, dzuwa la October likafika pamutu, malata amalira okha thethethe padenga popanda wowakhudza. Akutalika, akukokana ndi misomali. N'chifukwa chake pa milatho ikuluikulu amasiya kampata kuti mlatho upeze pofutukukira. Mtanda wa mamita 10 ukatentha ndi madigiri 500 umaonjezera pafupifupi masentimita 6. Zikuoneka zochepa, koma mtanda umene wamangidwa mbali zonse ziwiri ulibe kopita. Umakankha chimene chili kutsogolo kwake, kapena umadula mabawuti.

Tsopano tibwerere ku New York, pa 11 September 2001. Nsanja iliyonse inali ya nsanjika 110. Ndege za mtundu wa Boeing 767 zinalowa pa liwiro loposa makilomita 700 pa ola, iliyonse itanyamula mafuta okwana malita pafupifupi 38,000. Zinadula zipilala zambiri nthawi yomweyo, katundu wa zodukazo n'kugwera pa zotsala. Zitsulo za nyumba zotere amazipopera phala loteteza kuti moto usazifike msanga. Kuwomba kwa ndege kunasasa phalalo, zitsulo n'kutsala pambalambanda. Mafuta a ndegewo anatha m'mphindi zochepa. Ntchito yawo inali ya machesi, kuyatsa nsanjika zingapo nthawi imodzi. Chimene chinapitiriza kuyaka ndi mapepala, matebulo, makapeti ndi mapulasitiki. Mitanda yonyamula nsanjika inatentha n'kuyamba kulendewera ngati chingwe choyanikapo mabulangete onyowa, ndipo polendewerapo inkakokera zipilala zakunja m'kati. Zithunzi zojambulidwa nsanja yakumpoto isanagwe zikuonetsa khoma litapindikira m'kati kupitirira mita imodzi. Bomba silikoka khoma pang'onopang'ono anthu akujambula. Moto ndi umene umatero.

Taonaninso ndondomeko yake. Nsanja yakumwera inagundidwa pambuyo koma ndi imene inayamba kugwa, patangotha mphindi 56. Yakumpoto inapirira mphindi 102. Bwanji? Yakumwera inagundidwa m'munsi, pakati pa nsanjika 77 ndi 85, moti pamwamba pa bala panali katundu wochuluka. Yakumpoto inagundidwa pakati pa 93 ndi 99. Ndipo zonse ziwiri zinayambira kuthyoka pomwe panalowa ndege pomwepo. Ofunsa amati, nanga nsanjika za m'munsi, zimene sizinapse, zinalekeranji kugwira? Achimwene, thumba la chimanga la makilogalamu 50 akakutwikani bwinobwino mumakafika nalo kuchigayo. Thumba lomwelo aliponye kuchokera pamwamba pa lole likugwereni pamutu, khosi lithyoka. Nsanjika za m'munsi zinamangidwa kuti zisenze katundu wokhala phee. Chimene chinazigwera ndi nyumba yathunthu ya nsanjika zoposa 10, kwinako pafupifupi 30, ikutsika ndi liwiro.

Zikafika apa anzathu amathawira ku nyumba yachitatu, ya nsanjika 47, yotchedwa Building 7, imene inagwa 5:20 madzulo a tsiku lomwelo ngakhale sinagundidwe ndi ndege. Chimene satchula n'chakuti zibuma zoyaka za nsanja yakumpoto zinaigwera n'kuyatsa moto m'nsanjika zingapo. Mapaipi akuluakulu a madzi anali ataduka, moti motowo unayaka pafupifupi maola 7 popanda wouzimitsa. Lipoti la NIST la 2008 linapeza kuti chinaigwetsa ndi kutalika kwa chitsulo kuja. Mitanda inafutukuka n'kukankha mtanda waukulu kuuchotsa pamene unakhala, pa chipilala nambala 79. Nsanjika zinagwerana m'katimo, chipilalacho chinatsala chilili popanda chochigwira m'mbali n'kupindika, zinzake n'kutsatira. Chimene timaona pa vidiyo chikutsika mofulumira chija ndi chigoba chakunja, m'kati mutatha kale.

Ena amati palibenso nyumba ina yaitali imene inagwapo ndi moto. Mawu amenewo anaola kale. Pa 19 January 2017 nyumba ya Plasco mumzinda wa Tehran ku Iran, ya nsanjika 17, yazitsulo, yodzaza mashopu ndi matelala a zovala, inayaka maola ochepa n'kugwa makamera a wailesi yakanema akujambula. Ozimitsa moto 16 anafera momwemo. Kunalibe ndege. Unali msika ngati wathuwu, wongoimirira. Pa 1 May 2018 nyumba ya nsanjika 24 mumzinda wa São Paulo ku Brazil inapsanso n'kugwa. Kaya kumenekonso ndi Amereka anatchera mabomba?

Nanga chitsulo chosungunuka chimene chinkaoneka chikuchucha pakona ya nsanja yakumwera? Apa ndiye pa geni yanga penipeni. Mapoto olemera aja ndimagulitsa, amisiri amawaumba ndi zidutswa za aluminiyamu: zitini, mapisitoni akutha, mapoto obooka. Amazisungunula pa makala kuseri kwa nyumba n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Zimatheka chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 okha. Thupi la ndege mbali yaikulu ndi aluminiyamu, ndipo zidutswa za ndege ija zinaunjikana pakona yomweyo. Ofufuza anati chochuchacho chiyenera kuti chinali aluminiyamu wa ndege wosakanikirana ndi zinyalala zoyaka. Vuto lathu n'lakuti pa Chichewa zonse timangoti chitsulo: ayironi chitsulo, aluminiyamu chitsulo, mtovu wa m'batire chitsulo. Koma mtovu umasungunuka pa 327, aluminiyamu pa 660, ayironi kupitirira 1,500. Mwini kavidiyo amadyera pa kusasiyanitsa kwathuko.

Kenako pamabwera dzina loopseza lija, thermite. Akalitchula amatsitsa mawu ngati akutchula chizimba. Thermite ndi ufa wa dzimbiri wosakaniza ndi ufa wa aluminiyamu. Ukayatsidwa, aluminiyamu amalanda okosijeni amene ali m'dzimbiri, pamatuluka moto wa madigiri oposa 2,000 ndi ayironi wamadzi. Amaugwiritsa ntchito polumikiza njanji za sitima. Amati m'fumbi la nsanja zija anapezamo tizidutswa tofiira tokhala ndi dzimbiri ndi aluminiyamu, ndiye umboni ndi umenewo. Koma abale! Funsani wowotcherera mageti aliyense pa Mangochi boma kuti asanapake penti yomaliza amayamba wapaka chiyani. Penti yofiira ija ya red oxide, kufiira kwake ndi dzimbiri lopera, ndipo m'mapenti otere mumalowanso dongo loyera limene lili ndi aluminiyamu. Zitsulo za nsanja zija zinali zopakidwa penti yoteteza. Sulufule amene amamutchulanso uja amapezeka mu gypsum, amene ndi amene anapangira makoma ogawa zipinda m'maofesi monsemo. Kupeza dzimbiri, aluminiyamu ndi sulufule m'phulusa la nyumba yotere kuli ngati kupeza mamba pa doko la asodzi.

Ndipo taganizani ntchito yake. Akatswiri ogwetsa nyumba ndi mabomba amatha masabata akugumula makoma, kucheka zipilala ndi kuyala mawaya, m'nyumba yopanda anthu. M'nsanja zija munkalowa anthu zikwizikwi tsiku lililonse, alonda, okolopa, okonza magetsi. Palibe anaona? Mawayawo n'kupirira ndege ndi moto wa ola lathunthu, n'kudzaphulika pa nsanjika yomweyo imene ndege yalowa? Ifeyo chipereganyu cha amayi 12 chinsinsi chake sichigona masiku awiri. Ndipo mu October 2004 Osama bin Laden anavomera yekha pa vidiyo kuti ndi iye analamula chiwembucho. Anthu 2,977 anaphedwa tsiku limenelo, 343 mwa iwo ozimitsa moto a mumzinda wa New York. Ali ndi abale awo amene amalira mpaka lero, ife tikusewera ndi maliro awo pofuna ma like.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe: maboma amanama. Zoona. Boma lomwelo la America linalowa m'dziko la Iraq mu 2003 likunena kuti kuli zida zoopsa zopululira anthu, zidazo sizinapezeke. Kuno kwathu tinaona Cashgate mu 2013. Kukayikira akuluakulu si tchimo, ndipo ine ndimakayikira tsiku lililonse, kuyambira sikelo ya wogula nandolo. Koma taonani mmene mabodza enieniwo anaululikira. Za Iraq, anthu anapita kukafufuza m'nkhokwe n'kupeza mulibe kanthu. Za Cashgate, owerengera ndalama anatsata macheke, mayina a makampani ndi masiku, anthu n'kukaima m'khoti. Wokayikira weniweni amafuna lisiti. Uyu wa kavidiyo ukamuyankha funso loyamba amalumphira lachiwiri, ukamuonetsa lipoti amati olemba ake anagulidwa, ukamuonetsa zithunzi amati n'zopanga. Munthu amene palibe umboni ungamusinthe maganizo sakufufuza kanthu. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mwina mukuti, mayi wa mbaulayu zamukhudza pati za ku America? Zandikhudza pawiri. Poyamba, mphekesera kuno kwathu imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, popanda ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi magazi a munthu. Maganizo ake ndi omwewa: choipa chilichonse chili ndi dzanja lobisika, ndipo wofunsa umboni ndiye kuti ali nawo m'gulu. Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene mtima wanga ukuwawira, nyumba ikagwa tikamaloza kumwamba, wolakwa weniweni amadutsa pambali pathu n'kumapita kwawo.

Chitsanzo chake ambirife tikuchidziwa, poti Emmanuel TV inkaonetsedwa m'nyumba zambiri m'Malawi muno. Pa 12 September 2014 nyumba yogona alendo ya mpingo wa Synagogue Church of All Nations ku Lagos inagwa n'kupha anthu 116, oposa 80 mwa iwo ochokera ku South Africa. Malemu T.B. Joshua anaonetsa vidiyo ya ndege imene inadutsa pamwamba pa nyumbayo kangapo isanagwe, n'kunena kuti chinali chiwembu. Anthu ambiri anakhulupirira, ena mpaka lero. Koma khoti lofufuza za imfazo ku Lagos linagamula mu July 2015 kuti nyumbayo inagwa chifukwa cha kamangidwe kolakwika. Inali ikuonjezeredwa nsanjika pamwamba, ndipo inalibe chilolezo cha boma. Sindikulimbana ndi chipembedzo cha munthu pano. Ndikunena za maziko ndi zipilala. Nkhani ya ndege ija inathandiza ndani? Amasiye sinawathandize.

Ku Bangladesh, pa 24 April 2013, nyumba ya Rana Plaza ya nsanjika 8, yodzaza mafakitale osoka zovala, inagwa n'kupha anthu 1,134, ambiri mwa iwo atsikana ndi amayi osoka. Ming'alu inaoneka dzulo lake. Banki ndi mashopu a pansi anatseka, koma osokawo anauzidwa kuti abwerere pa makina. Nsanjika zapamwamba zinaonjezeredwa popanda chilolezo, n'kukwezamo majenereta olemera. Chiwembu chinalipo ndithu, koma chinali cha masana, chopangidwa ndi anthu odziwika mayina, chifukwa cha ndalama.

Ndiye tifike pa bala lathu. Boma la Mangochi lino, ndi mudzi uti umene ulibe mwana ku Joni? Ambiri mwa anyamata amenewa ntchito imene amaipeza msanga ndi ya zomangamanga: kukandira konkire, kupulasitala, kuyala matayilosi. Pa 6 May 2024 nyumba ya nsanjika 5 imene inkamangidwa mumsewu wa Victoria m'tauni ya George ku South Africa inagwa m'kanthawi kochepa, antchito 62 ali pamalopo. Anthu 34 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi, pamodzi ndi anzathu a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho. Mu July 2025 nduna yoona za ntchito za boma m'dzikomo, a Dean Macpherson, inalengeza zotsatira za kafukufuku: ngoziyo inali yopeweka. Ming'alu inaoneka kale n'kumangomatidwa, antchito anadandaula kuti nyumba ikugwedera, konkire inali yofooka kuposa imene pulani inkafuna. Mnyamata amene wauzidwa moyo wake wonse kuti nyumba zimagwa ndi mabomba achinsinsi kapena ufiti, akaona mng'alu pa chipilala amangodutsa. Amene akudziwa kuti chitsulo ndi konkire zili ndi malire amatsika pa sikafodi, ngakhale kapitawo akalipe.

Kuno kwathunso zinachitikapo: mu 2011 nyumba ya Kips mumzinda wa Blantyre inagwa ikukonzedwa, anthu n'kufa. Ndipo nyumba zosanja zikumera paliponse, m'matauni ndi m'mbali mwa nyanja muno. Mdani wathu wamkulu ife ndi dzimbiri, limene ndi moto womwewo koma woyaka mwakachetechete. Ayironi akakumana ndi madzi ndi okosijeni wa mumpweya amabwerera kukhala dothi lofiira limene anachokerako. Choopsa n'chakuti dzimbiri limatupa, limafuna malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya. Chitsulo cha m'kati mwa chipilala chikachita dzimbiri chimakankha konkire kuchokera m'kati mpaka kuing'amba, madzi n'kupeza njira yolowera ambiri. Mukaona mzere wofiirira ukutsika pa chipilala, kapena konkire ikugamphuka pansi pa silabu zitsulo n'kumaonekera, nyumbayo ikukuuzani kanthu.

Konkire yabwino imateteza chitsulo, chifukwa simenti ali ndi ukali wonga wa chidulo umene umaphimba chitsulo ndi kakhungu koletsa dzimbiri. Koma pamafunika kuti chitsulo chikwiririke mokwanira, masentimita awiri ndi theka kapena kuposerapo, ndipo konkireyo ikhale yothinana. Simenti akachepa, konkire imakhala ndi timabowo, mpweya ndi chinyontho zimalowa n'kupha ukali uja. Mchere ndiye umaboola kakhungu kaja msangamsanga. Nyanja yathu ndi ya madzi ozizira opanda mchere, koma mijigo ina imatulutsa madzi amchere, ndipo anthu amakandira omwewo. Ku Surfside m'chigawo cha Florida, nyumba ya nsanjika 12 ya m'mphepete mwa nyanja yamchere inagwa usiku wa pa 24 June 2021 n'kupha anthu 98. Injiniya anali atalemba kale mu 2018 kuti konkire yang'ambika ndipo zitsulo zikudyeka. Ku America komweko, kopanda ndege, kopanda thermite.

Tsono tiyeni tinene zimene tonse timaziona koma timangoti ndi mmene zimakhalira. Thumba la simenti loyenera mawilibala ochepa likukandidwa ndi mchenga wa matumba awiri, lotsalalo lagulitsidwa kuseri. Pulani ikuti Y16, pakulowa Y12, mwinanso Y10, poti zikakwiririka ndani aone. Zitsulo zina zosadziwika kochokera zimathyoka pozipinda, chizindikiro choti kasakanizidwe kake n'kolakwika, monga simbi ija. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata ndithu, ndipo imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28, koma mitengo yochirikiza silabu ikuchotsedwa msanga poti ikufunika pa ntchito ina. Nyumba imene maziko ake anakumbira nsanjika imodzi ikusenzetsedwa zitatu chifukwa bwana wapeza ndalama zina. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'gombe lino. Ndi angati anaitana wodziwa kuti adzaone maziko madzi ataphwera? Pamene sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, yakhala m'madzi zaka zoposa 70 chifukwa choipala dzimbiri, kuiwotcherera ndi kuipaka penti ku Monkey Bay. Chitsulo chimakhalitsa ngati pali wochisamala.

Ndiye tsiku lina imodzi mwa nyumba zimenezi ikadzagwa, ndikudziwa kale zimene zidzalembedwe. Adzati mwini wake anakhwimira, nyumba imafuna magazi. Ena adzati anamulodza opikisana naye pa bizinesi. Kontilakitala amene anaba simenti adzakhala nawo pa maliro, akugwedeza mutu, akuvomereza kuti zoonadi dziko laipa. Wa ku khonsolo amene anasaina osapita pamalopo adzapuma bwino. Nkhani ya ufiti ndi nkhani ya thermite ndi mapasa: zonse zimachotsa mlandu pa munthu amene tingathe kumugwira n'kuuika pa chinthu chimene sitingachitengere kukhoti. N'chifukwa chake akuba amazikonda.

Inu alembi anzanga, anthu amakukhulupirirani chifukwa mumadziwa kuyala mawu. Musanagawe kavidiyo, funsani mafunso amene mayi aliyense amafunsa pogula poto: chapangidwa ndi chiyani, wapanga ndani, chimapirira moto wotani? Ngati muli ndi m'bale ku Joni amene ali pa zomangamanga, muuzeni kuti mng'alu wa pa chipilala sapaka pulasitala, ndipo silabu ikamanjenjemera atuluke, malipiro a tsiku limodzi asamuphetse. Ngati mukuchita lendi shopu pansi pa nyumba imene pamwamba akuonjezera nsanjika, funsani ngati pulani yake inadutsa ku khonsolo ndiponso injiniya wake ndani. Ngati mukumanga, imani pomwepo pokandira, muwerenge matumba ndi maso anu, muyeze zitsulo zisanakwiriridwe. Akakuyankhani mokalipa ndiye kuti mwafunsa funso loyenera. Safunsa anadya phula.

Amene akutsutsa zimene ndalembazi, bwalo ndi lanu, ndemanga zili pansipa. Koma mubwere ndi manambala: chitsulo chanucho chimafooka pa madigiri angati, mabombawo analowa tsiku liti, anawanyamula ndani. Mukangoti "kafufuzeni nokha," ndidzakutumizani kwa wosula, mukapope mvukuto mpaka chitsulo chifiire, mudzatiuze ngati chinadikira kusungunuka.